Wachibale Salembedwa M'buku

Kafue
14 Febuluwale 1972

Okondedwa alongo anga a Elina,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana, Winfrida ndi Lighton. Ife kuno tilipo, ine ndi mlamu wanu Emelia. Chotivuta ndi udzudzu wa kumtsinje, umene sunamvebe kuti dziko linalandira ufulu.

Kalata yanu ndinalandira. Mwapempha kuti Winfrida abwere adzafune ntchito ku fakitale ya nsalu, azikhala kwa ine. Ntchito ikhoza kupezeka, pakuti akulemba atsikana odziwa kuwerenga. Chovuta ndi pogona. Chonde muwerenge mpaka kumapeto musanakwiye.

Mukudziwa kuti nditasiya ukalaliki ku njanji ndinamanga zipinda zisanu ndi chimodzi za lendi, kuwonjezera pa ziwiri zathu. Chaka chatha ndinkalongedza anthu ngati nsomba zouma m'dengu, ndipo panalibe wodandaula, chifukwa ku Kafue anthu akutsika ndi sitima iliyonse koma nyumba sizitsika nawo. Tsopano khonsolo yalamula kuti aliyense wosunga anthu a lendi ambiri pa nyumba imodzi akhale ndi laisensi. Laisensiyo siigulidwa pawindo ngati tikiti. Amayamba atumiza insipekita.

Wathu ndi a Ferdinand Mweemba, Mtonga wamtali wosaseka, woyenda ndi tepi yoyezera ndi buku lakuda. Tiyi samwa pakhomo pa munthu; ndinayesa. Anazungulira nyumba yonse nanena zofuna zawo. Chipinda chimodzi, anthu awiri basi. Mogona monse mukhale zenera lotseguka ndi njerwa za ziboo pamwamba kuti mpweya uzidutsa. Mbaula isalowe mogona. Pakhonde pakhale ndowa za mchenga. Ndipo chitseko chilichonse chizitseguka munthu ali mkati, maloko okoleka kunja ndiwazule onse. Ndinawafunsa ngati akuganiza kuti ndimasunga akaidi. Anati moto sufunsa kuti kiyi ali ndi ndani.

Maloko ndawazula, kupatula wa pa kachipinda ka makala kuseri kwa nyumba, kamene kalibe zenera. Pamenepo analola, nalemba m'buku mwawo kuti mosagona munthu.

Anthu owonjezera ndinawatulutsa. Wina anali ndi mkazi wapakati, ndipo mpaka lero tikakumana kumsika amayang'ana matimati. Laisensi ndinapatsidwa. Ndaipachika pamene panali chithunzi chathu cha ukwati, pakuti ndiyo ikutidyetsa. Akapeza munthu wachitatu m'chipinda amailanda, nyumba yonse n'kutsekedwa.

Choncho zipinda ndi zodzaza, ndipo mayina a ogonamo ali m'buku la a Mweemba. Chipinda cha akazi chilipo chimodzi. Mmodzi wa atsikanawo akulankhula za ukwati. Akachoka, malowo ndi a Winfrida. Adikire pang'ono.

Mundiuze za mvula ndi mtedza.

Ndine mlongo wanu,
Morris Njobvu

*

Mudzi wa Kalumbi, Katete
9 Malichi 1972

Morris mlongo wanga,

Moni. Tadzuka. Mvula inadula chimanga chikumasula, mtedza uli ndi masamba okha. Wafunsa, ndakuuza.

Kalata yako ndawerenga mpaka kumapeto monga unanenera, ndipo ndakwiyira kumapeto komweko. Ndinabwerezanso kufuna pamene palembedwa kuti mwana abwere. Sindinapapeze. Ndapeza mazenera, ndowa za mchenga ndi Mtonga wosamwa tiyi.

Kodi Winfrida ndi wa lendi? Atate ake anamwalira, ndipo ngakhale akanakhalapo, mwini mbumba ndiwe. Kwathu kuno mwana akasowa pogwira sathamangira ku khonsolo, amathamangira kwa malume ake. Amayi atamwalira iwe unali usanadziwe kupukuta mamina. Tinkagona tonse pa mphasa imodzi m'kanyumba kopanda zenera, ndipo palibe anabwera ndi tepi kudzatiyeza. Unakula, unaphunzira, ukulemba Chingerezi. Lero ukuyeza mwana wanga.

Kuchitsime akundifunsa kuti nanga mtsikana apita liti kwa amalume ake a nyumba ya malata. Ndiziwayankha chiyani? Kuti akudikira mwana wa eni ake akwatiwe?

Ndikuuze chimene sindinalembe poyamba. Pali bambo wina wa golosale pa msewu, wa akazi awiri, amene wayamba kundipatsa moni wabwino kwambiri. Sabata yatha anatumiza sopo. Nkhokwe ikatha, ndipo itha msanga, ine ndidzasowa pakamwa pomukanira. Winfrida akudziwa zimenezi. Sakudya bwino.

Ndagulitsa mbuzi ija ya mawanga. Akwera basi Lolemba likubwerali, ndipo ku Lusaka a Whiteson a kwa mfumu, amene amagwira ntchito kumeneko, amukweza sitima ya ku Kafue. Ukafuna umubwezere pa siteshoni pomwepo, anthu aone.

Moni kwa mlamu wanga.

Ndine,
Elina

*

Kafue
3 Epulo 1972

Okondedwa alongo anga,

Moni kwa inu ndi Lighton. Winfrida anafika bwino. Anafika kalata yanu isanafike, moti ndinamva kukwiya kwanu mwana atadya kale pakhomo panga sabata yathunthu. Positi nthawi zina imachita chifundo.

Sindinamubweze. Simunaganizenso kuti ndingatero, ndikudziwa, munangofuna kuti ndiwerenge.

Ndinapita kwa a Mweemba kukafunsa ngati mwana wa mlongo wanga ayenera kulembedwa. Anatsegula malamulo awo, nayendetsa chala, nati iwo amawerenga anthu olipira lendi okha. Wachibale wosalipira ndi wa m'nyumba, buku lawo silimudziwa. Koma akamupeza ngati wachitatu m'chipinda cha lendi adzamuwerenga, pakuti mpweya sudziwa chibale. Ndinatuluka ndikusangalala ndi theka loyamba la yankholo.

Kunyumba ndinati agone m'chipinda chathu chochezera. Emelia anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Chipindacho ndiye njira ya kuchipinda chathu chogona. Anati mwana wamkazi wotha msinkhu sagona pamene malume ake azidumpha mphasa yake potuluka, ndipo inu mukanamva mukanabwera wapansi kudzatitsuka mkamwa. Winfrida nayenso anagwetsa nkhope n'kukana. Pamenepa ndinagonja, chifukwa onse awiri akunena zoona. Masiku oyamba anagona kwa mayi wina wa mumpingo, koma mlendo ndi mame.

Tachotsa makala m'kachipinda kakuseri kaja. Emelia wazira pansi, ine ndapaka laimu. Kalowa bedi laling'ono ndi sutikesi, munthu n'kutembenuka mosamala. Ndinaganiza zoboola zenera, koma kuboola khoma kumafuna chilolezo, ndipo wopempha zenera pa chipinda cha makala amakhala wadziulula yekha. Makala safuna kuona kunja. Komanso ndi za masabata ochepa. Mtsikana wa ukwati uja akuti chibwenzi chake chikungodikira kukwezedwa pantchito.

Nkhani yabwino ndi iyi: Winfrida amulemba. Anaima pamzere pa geti masiku angapo, kapitawo anamupatsa nyuzipepala kuti awerenge, iye anawerenga mpaka kapitawoyo anamulanda. Ayamba ndi kuphunzira makina opota ulusi. Atsopano amawaika shifiti ya usiku, imene akale saifuna.

Muuzeni bambo wa golosale kuti sopo tili naye kuno.

Ndine mlongo wanu,
Morris

*

Kafue
21 Meyi 1972

Amama okondedwa,

Muli shani? Musadabwe, ndi moni wa kuno. Ine ndili bwino. Lighton ali bwanji? Mumuuze kuti ndaona ndeke ikudutsa pamwamba pa mtsinje, yeniyeni, osati ija amajambula pakhoma la khitchini.

Ntchito ndaizolowera. Ndimayang'anira makina aatali kuposa tchalitchi chathu, ulusi ukaduka ndimalumikiza. Poyamba zala zinkachedwa ndipo kapitawo ankanditchula kuti Katete, ati Katete wagona. Tsopano amatchula ena. Phokoso ndi lalikulu moti timalankhulana ndi milomo yokha. Tikamatuluka mmawa tonse timakhala ndi thonje m'tsitsi, ngati agogo atuluka m'fakitale kupita kokasamba.

Ndapeza mnzanga, ba Gwendolyn (kuno polemekeza munthu amati ba), a m'chipinda cha akazi. Ndiwo aja akuti akwatiwa. Amama, mwamunayo ndamuona. Amalume adikira nthawi yaitali.

Musadandaule za kachipinda kanga. Kwa munthu wogona usana ndi kabwino kuposa zonse, chifukwa mukatseka chitseko muli mdima ngati m'nkhokwe. Anzanga a shifiti amapachika matumba pa mazenera awo koma dzuwa limawapezabe. Fungo la makala, kuno amati malasha, silinathe, ndipo zovala zanga zonse zikununkha ngati ndine wogulitsa.

Pali chinthu choseketsa. Ba Mweemba, insipekita uja, amabwera osanena tsiku, ndipo amabwera usana pamene ine ndili mtulo. Choncho ndikalowa, ba anti Emelia amakoleka loko kunja kuti kazioneka kachipinda ka malasha monga kale. Ndikadzuka ndimagogoda, iwo amatsegula. Tsiku lina ndinamva nsapato zaima pakhomo penipeni. Munthu anagwedeza loko uja, nati, "Apa zili bwino." Ine ndinaluma pilo kuti ndisaseke. 

Tsopano ndimawapempha ndekha kuti akoleke tsiku lililonse. Kunali bambo wina wa lendi, wogula nsomba, amene anasochera kawiri n'kutsegula chitseko changa, ati ankafuna malasha. Chikhalireni loko sanasocherenso.

Amalume ndi abwino, koma salankhula zambiri. Madzulo ndikamanyamuka amafunsa ngati ndadya, ndikati inde amati chabwino, n'kubwerera ku nyuzipepala. Tsiku la malipiro anga oyamba ndinafuna kuwapatsa kangachepe ka chipinda. Anakwiya. Anati mwana wa mlongo wawo salipira pakhomo pawo, ndisadzayerekezenso. Ndiye ndakutumizirani inu, mulandire ku positi, musagule sopo kwa uja.

Chimodzi ndikupempha. Kuno kwayamba kuzizira, kuzizira kwa madzi kochokera kumtsinje, kolowa m'mafupa. Mmawa ndikafika mapazi amakhala ngati si anga. Mabulangete a m'sitolo ndi opyapyala. Munditumizire lija lotuwa la atate, ngati pali wobwera kuno.

Ndikulakalaka chigwada chanu chotendera.

Mwana wanu,
Winfrida

*

Mudzi wa Kalumbi, Katete
21 Juni 1972

Morris mlongo wanga,

Moni kwa iwe, mlamu wanga ndi mwana wathu. Ife tili bwino. Takolola zochepa, koma ndi zimene Winfrida akutumiza tifika.

Ndinakulembera mawu olemera m'mwezi wa Malichi. Unawameza osabweza. Ndinaona, ndipo ndathokoza. Chibale ndi fupa, sichiwola. Wa golosale uja tsopano akandiona amakumbukira kuti ali ndi ntchito kuseri kwa sitolo.

Umuuze Winfrida kuti bulangete ndinalichapa kalekale. Ndinapatsa a Whiteson amene anabwera kutchuthi, koma iwo anasintha tsiku, ati adikire kugulitsa fodya wa abale awo. Anyamuka sabata yamawa. Ndakulungamo chigwada chouma ndi mtedza pang'ono. Za positi ndinaopa, bulangete lingasochere ndipo ndi lokhalo latsala la atate ake.

Za loko zija ndinaseka mpaka Lighton anabwera kudzaona. Mlamu wanga ndi wochenjera. Mtonga wanuyo ayende ndi tepi yake, ife tili ndi nzeru zathu.

Mwezi uno simunalembe nonse awiri. Kodi ku Kafue mapepala atha?

Ndine mlongo wako,
Elina

*

Kafue
24 Juni 1972

Alongo anga,

Ndinatumiza telegalamu Lachiwiri kudzera kwa aphunzitsi aakulu a pasukulu. Sindikudziwa ngati yakupezani. Ngati siinafike, kalata iyi musawerenge muli nokha. Itanani munthu.

Winfrida anatisiya Lachiwiri. Tamuika dzulo kumanda a kuno. Tinadikira mmene tikanathera.

Ndikuuzani mmene zinachitikira, chifukwa mudzazimva ndithu, ndipo ndi bwino muzimve kwa ine.

Tsikulo kunacha ndi nkhungu. Anafika kuchokera ku shifiti akunjenjemera. Pakhonde panali mbaula ya Gwendolyn, imene anawiritsirapo madzi, makala akadali ofiira. Winfrida anaitenga n'kulowa nayo. Palibe anamuona. M'zipinda za lendi aliyense amadziwa kuti mbaula silowa. Lamulolo ndinalimata pa chitseko chilichonse. Pa chitseko chake sindinamate, pakuti m'menemo simugona munthu.

Emelia anakoleka loko monga mwa masiku onse, namanga kiyi pa nsonga ya chitenje. Kenaka mnzake anabwera kudzamuuza kuti ku Chanyanya nsomba zatsika mtengo ndipo pali lole yopita. Anaganiza kuti abwera mwana asanadzuke. Lole inawonongeka pobwerera. Ine ndinali ku Lusaka kukagula mapaipi a bafa la anthu a lendi.

Titus, wa m'chipinda chakumapeto, ankachapa ovolosi yake kuseri. Akuti dzuwa litakwera anamva kugogoda. Anayankha kuti ba anti achoka, apirire pang'ono. Kugogoda kunabweranso, kofooka, kenaka kunaleka. Iye anati wagonanso.

Ndinamufunsa chifukwa chake sanathyole loko. Panali nkhwangwa pafupi, pamulu wa nkhuni. Anandiyang'ana nati, "Ba landilodi, wa lendi akathyola loko wa mwini nyumba amagona kuti? Tinaona mmene munatulutsira anzathu." 

Emelia anafika dzuwa litapendeka. Anatsegula yekha.

Adokotala akuti ndi mpweya wa makala, umene sununkha ndipo umafooketsa miyendo munthu asanazindikire. Akuti sanamve kuwawa kwambiri. Ndikulemba zimene ananena.

Anzake a ku fakitale anabwera ambiri, ena thonje likadali m'tsitsi. Anaimba bwino. Kapitawo wake ananyamula nawo bokosi.

Bwerani. Ndidzakhala pa siteshoni sitima iliyonse ya ku Lusaka ikamafika.

Morris

*

Kafue
20 Ogasiti 1972

Alongo anga,

Ndikhulupirira munafika bwino ku Katete. Chichokereni kuno simunalembe. Kalata yanga ya mwezi watha mwina inasochera.

Masiku amene munakhala kuno ndinkadikira kuti mulankhule. Munapita kumanda, munapempha kuti tikutsegulireni kachipinda kaja, munalowa nokha n'kutseka chitseko. Mutatuluka munathokoza Emelia chifukwa cha madzi osamba. Mukanandilalatira pamaso pa anthu a lendi ndikanadziwa pokhala.

Kalata yanu ya pa 21 Juni inachedwa ku positi, inafika inu mutachoka kale kuno. A Whiteson nawonso anafika ndi bulangete. Anachoka kumudzi uthenga usanafike ndipo sanamve kanthu panjira, analowa pageti akuseka, akuitana Winfrida kuti adzalandire katundu wake. Lili m'sutikesi yake. Chigwada sitinaphike.

Apolisi atseka nkhani yawo, ati ngozi. Ine ndinkadikira a khonsolo. Ndinachotsa laisensi pakhoma n'kuiika patebulo kuti a Mweemba akabwera asavutike kukwera pampando. Anabwera. Anayeza zipinda zonse za lendi, anatsegula mazenera, anapisa chala mumchenga wa m'ndowa. Zonse zinali bwino. Kenaka anaima pa kachipinda kaja nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Anati amakumbukira tsiku limene anagwedeza loko ameneyo. Anafunsa ngati mwanayo anali mkati tsikulo. Ndinati inde.

Anati andilembera chenjezo chifukwa chogoneka munthu m'chipinda cha katundu, koma laisensi sangailande, pakuti womwalirayo sanali wa lendi ndipo m'buku lawo mulibe dzina lake. Potuluka anati, "A Njobvu, mukanamulipiritsa ngakhale ngwee imodzi, akanakhala wanga. Ndikanakuvutitsani mpaka mukanaboola khoma." 

Laisensi ndaibwezera pakhoma. Khoma lija ndaboola, popanda kupempha munthu. Zenera ndi lalikulu kuposa onse a panyumba pano. Mukulowa dzuwa tsiku lonse ndipo simugona aliyense.

Emelia ali kwa abale ake ku Shimabala. Akuti akamva munthu akugogoda, ngakhale pa chitseko cha eni ake, amadzambatuka n'kupapasa nsonga ya chitenje. Sindikudziwa ngati abwerera. Gwendolyn ukwati wake wachitika mwezi uno, malo ake ali opanda munthu.

Pali munthu akufuna kugula nyumbayi. Ndikuganiza zogulitsa, ndibwere kumudzi ndidzalime pafupi nanu, ngati mungalole kundiona tsiku ndi tsiku. Mundiyankhe, ngakhale mzere umodzi.

Mlongo wanu,
Morris

*

Mudzi wa Kalumbi, Katete
15 Okutobala 1972

A Njobvu,

Moni. Makalata anu onse awiri anafika. Palibe inasochera.

Mukuti ndinakhala chete. Ndinalowa m'kachipinda kaja ndi mawu ambiri. Nditatseka chitseko ndinakhala pansi mumdima, ndipo ndinapapasa thabwa. Pamene munthu woimirira amagogoda panalibe kanthu. Zipsera zinali m'munsi, pafupi ndi pansi, pamene ankamenya ndi chidendene cha nsapato atagona. Nditazipeza mawu anandithera. Ndikanalalatira ndani? Amene anamukweza basi ndine. Za loko anandilembera yekha, ine ndinaseka.

Mlamu wanga mukamutenge. Mumuuze kuti kiyi anamanga pa chitenje chake, koma tinamupatsa ndife tonse.

Nyumba musagulitse. Kuno kulibe chimene mungadzalime, ndipo manja anu ndi a pensulo. Komanso ndikuifuna.

Lighton wakwana zaka zogwira ntchito. Nkhokwe yatha monga ndinanenera. Akumva kuti fakitale ya fetereza ikulemba anyamata, ndipo ndikamuletsa adzathawa yekha n'kukagona kumene sindikudziwa. Ndalimbana nazo mwezi wathunthu. Abwera kumapeto kwa mwezi uno.

Mverani bwino, chifukwa ulendo uno ndine ndikupempha kuti muwerenge mpaka kumapeto.

Sakubwera kwa malume ake. Akubwera kudzachita lendi. Ngati malo a amuna palibe, akhale kwa a Whiteson ku Lusaka mpaka apezeke. Tsopano kudikira ndakuphunzira. Akalowa, mupite naye kwa a Mweemba, dzina lake lilembedwe m'buku lakuda lija iye akuona. Azilipira mwezi ndi mwezi monga Titus. Akachedwa mumukumbutse pamaso pa anzake. Musamukhululukire, musamuitanire chakudya kuti anthu aziti ndi wa m'nyumba. Chipinda chake chikhale ndi zenera ndi ziboo zija, lamulo la mbaula limatidwe pa chitseko chake, ndipo Mtonga uja aziyeza mmene akufunira. Ndamuuza kuti pakhomo panu azikutchulani monga akutchulirani enawo.

Mudzamva kuwawa, ndikudziwa. Anthu kuno adzanena kuti Elina wagula malo kwa mlongo wake ngati mlendo. Anene. Ndinakutumizirani mwana mmodzi ngati wanu. Uyu ndikukutumizirani ngati wa eni ake, mwina mudzandisungira.

Bulangete lija mumupatse akafika. Kumeneko kumazizira.

Elina